Borrow ndi lend: kusiyanitsa kwake musanatumize meseji ya ndalama

Abale anga a kuno ku Harare, ndi inu muli ku Chitungwiza, ku Norton ndi kumafamu uko, nkhani iyi ndakhala ndikufuna kuilemba kalekale koma chandikankha lero ndi zimene zinamuonekera mphwanga, mwana wa achemwali anga, amene amagwira ntchito pa kashopu kena kogulitsa misomali, mapaipi ndi zitsulo cha ku Magaba ku Mbare. Mnyamatayu anamukongoza mnzake wa pantchito madola 60 mwezi wa March, palibe pepala palibe mboni, anangokhulupirirana poti amadyera limodzi masana. Miyezi iwiri inadutsa kuli zii, nde iye anaganiza zomukumbutsa pa WhatsApp, ndipo poti mnzakeyo samva Chichewa komanso mphwangayo Chishona cholemba sachikonda, analemba pa Chingerezi kuti "My friend remember the 60 dollars I borrowed in March, month end is near." Mnzake uja anangoyankha kuti ok noted. Tsiku lomwe nkhani inafika kwa abwana awo, munthu uja anatulutsa foni nkuonetsa meseji yomweyo kuti onani, mwiniwake akuvomera yekha kuti ndi iyeyo anakongola kwa ine. Ndipo kunena zoona, pa Chingerezi meseji ija imatanthauza zimenezo ndendende. Mphwanga uja anabwera kunyumba kwanga usiku maso ali gwa, akuti amalume ine ndalakwitsa pati.

Analakwitsa liwu limodzi basi. Nde tiyeni tilikonze liwu limeneli, ine ndimathandiza ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 Chingerezi Loweruka lililonse kutchalitchi kwathu ku Highfield ndipo palibe chaka chomwe chimatha osakumana nalo vuto lomweli mmakope mwawo.

Choyamba mudziwe kuti vutoli silibwera chifukwa choti ndinu mbuli ayi. Limachokera mu chilankhulo chathu chomwe, ndipo mu chilankhulo chathumo si vuto konse. Ife tili ndi liwu loti kubwereka lomwe limayenda mbali zonse ziwiri. Taonani, ndikanena kuti ndabwereka khasu kwa achimwene, khasu ndi la achimwene ndipo labwera kwa ine. Ndikanena kuti ndawabwereka achimwene khasu, khasu ndi langa ndipo lapita kwa iwo. Liwu ndi lomwelo, chasintha ndi kaphatikizo kakang'ono aka ka "wa" kali mkati mwa mneni, ndi "kwa" uja wachoka. Mwana aliyense wa zaka 5 amamva kusiyana kwake osaphunzitsidwa. Tikamati tandibwerekeni tchaja, "ndi" ali pakatiyo ndi amene akuuza munthu kuti tchajacho chikubwera kwa ine. Nde ubongo ukamathamangira ku Chingerezi umangotenga "bwereka" nkuika borrow, kutenga "ndi" nkuika me, basi yatuluka "borrow me your charger". Zomveka ndithu mmene zimachitikira. Kungoti Chingerezi ntchito imene ife timaipatsa kaphatikizo kaja chimaipatsa mawu awiri osiyana, borrow ndi lend, ndipo liwu lililonse lili ndi njira yake imodzi yokha.

Borrow ndi kutenga chinthu cha wina kuti udzabweze. Lend ndi kupereka chinthu chako kwa wina kuti adzakubwezere. Chinthu chikamabwera kwa amene akuchita, borrow. Chikamachoka kwa amene akuchita, lend.

Ndanena kuti amene akuchita, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera nde ndichedwapo pang'ono. Ambiri ndikawauza kuti borrow ndi kulandira lend ndi kupereka amavomera msangamsanga, kenako mawa lake amalembanso "borrow me", ukawafunsa amati koma aphunzitsi ine ndi amene ndikulandira, nde si borrow? Ayi. Osayang'ana kuti iwe wolankhula uli mbali iti. Yang'ana munthu amene waima kutsogolo kwa mneni mu chiganizocho, mwininkhani uja, ndi iyeyo amasankha liwu. Ukanena kuti "Can you ... me your pen", amene waima kutsogolo ndi you, ndipo you akupereka, nde ndi lend. Ukanena kuti "Can I ... your pen", waima kutsogolo ndi I, ndipo I akutenga, nde ndi borrow. Cholembera ndi chomwecho, wofuna cholembera ndi yemweyo, koma ziganizo ziwiri:

Can you lend me your pen?
Can I borrow your pen?

Zonse ziwiri ndi zolondola ndipo zikupempha chinthu chimodzi. Chimene kulibe ndi "Can you borrow me your pen" ndi "Can I lend your pen". Chachiwirichi chikutanthauza kuti ukupempha chilolezo choti cholembera cha mnzakoyo ukabwereketse kwa munthu wina wachitatu.

Njira imene ine ndimaikonda kwambiri, ndipo ndaona kuti ana amaigwira tsiku lomwelo, ndi yosiya kaye kubwereka nkupita ku mawu athu a ndalama. Pa ndalama ife tili nawo kale mawu awiri ngati Angerezi. Kukongola ndi kukongoza. Palibe Mchewa amene amasokoneza awiriwa, munthu sanganene kuti ndakongola kwa amalume pomwe akutanthauza kuti ndawakongoza amalume, akudziwa kuti akasokoneza ngongole igwera iye. Nde kukongola ndi borrow, kukongoza ndi lend. Olo chinthucho chikhale si ndalama, kaya ndi mpando kaya ndi poto wamkulu wa pamaliro, mumtima mwanu chiyeseni ndalama kwa kamphindi nkudzifunsa kuti apa munthuyu akukongola kapena akukongoza. Yankho likabwera liwu la Chingerezi labweranso. Inu amene munakulira kuno ndipo Chishona chimabwera msanga pakamwa kuposa Chichewa, ndi chimodzimodzi, kukwereta ndi borrow, kukweretesa ndi lend. Mphwanga uja akanangodzifunsa kuti kodi mu March muja ndinakongola kapena ndinakongoza, sakanalemba borrowed.

Njira ina, ya amene mumaganiza kale pa Chingerezi mukamalemba, ndi yochotsa liwulo nkuyesa kuikapo take kapena give. Pomwe take akukhala bwino ikani borrow, pomwe give akukhala bwino ikani lend. "Give me your charger" ikumveka, nde "Lend me your charger". "Take me your charger" siikumveka olo pang'ono, ndipo umu ndi mmene "borrow me your charger" imamvekera mkhutu la mwini chilankhulo. "I took 20 dollars from my sister" ikumveka, nde "I borrowed 20 dollars from my sister". Kuyesa kumeneku kumatenga masekondi awiri, ndipo meseji ya ndalama ndi yofunika masekondi awiriwo.

Tsopano timawu tomwe timayenda nawo. Borrow amayenda ndi from, ngati "kwa" wathu uja wa ndabwereka kwa achimwene. Lend amayenda ndi to, kapena amangotenga munthuyo pompo popanda kalikonse pakati.

I borrowed a wheelbarrow from my neighbour.
My neighbour lent me a wheelbarrow.
My neighbour lent a wheelbarrow to me.

Onani kuti lend ali ndi mipangidwe iwiri, utha kuyamba ndi munthu kenako chinthu, kapena chinthu kenako to ndi munthu. Borrow alibe mwayi umenewo, pambuyo pake pamabwera chinthu basi, munthu amabwera pambuyo pa from. Nde mukaona dzanja lanu lalemba borrow kenako me, him, us kapena dzina la munthu lopanda 's, imani pomwepo, china chake chapotoka. Komanso "borrow to" kutsogolo kwa munthu kulibe, "I borrowed money to my brother" ndi lent imeneyo yavala malaya a eni. Ndipo poti ndatchula wilibala, liwu lathu lija linachokera ku wheelbarrow, ndipo barrow ameneyo ndi wa a, borrow wobwereka ndi wa o. Ndaonapo ana akulemba "I barrowed" pa mayeso, ndi kulakwitsa kwa sipelo komwe kumadya malikisi mwaulere.

Pali malo amodzi pomwe mungamve Mngerezi weniweni akuika munthu pambuyo pa borrow, ndipo ndibwino mudziwe kuti musasokonezeke. Muofesi bwana atha kunena kuti "Can I borrow you for a minute?" Apo chimene chikubwerekedwa ndi iweyo munthu, akukuchotsa pa ntchito yako kwa kamphindi kuti umuthandize kenako ubwerere. Nde ukamuuza munthu wakunja kuti borrow me, khutu lake limayamba lamva zimenezo, kuti ukudzipereka wekha kuti akubwereke.

Nthawi yakale. Borrow ndi wosavuta, borrowed basi, dzulo borrowed, have borrowed, had borrowed. Lend ndi amene amavuta poti salandira ed. Ndi lend, lent, lent, ngati send, sent, sent ndi spend, spent, spent. "Lended" musalembe. Mukaiwala kumbukirani meseji ya EcoCash, yotumizira ndalama pafoni ija, palibe amene amati I sended the money, tonse timati sent, nde lend amatsata mnzakeyo.

Apa pali kanthu kena kathu ife Achewa komwe anzathu a Chishona alibe mofanana ndi ife. Mu Chichewa l ndi r ndi ngati mapasa, sizisintha tanthauzo la liwu, wina alemba Chingelezi wina Chingerezi tonse tamva. Pa Chingerezi ndi zilembo ziwiri zosiyana kotheratu, ndipo tsoka lake lent ndi rent onse ndi mawu a ndalama. "I lent him the room" ndiye kuti unamupatsa chipinda akhalemo kwaulere kwa kanthawi. "I rent him the room" ndiye kuti ndi loja wako amalipira mwezi ndi mwezi. Taganizani nkhani ya nyumba ku Mufakose kapena ku Dzivarasekwa, achibale akukangana kuti uyu anakhalamo bwanji, nde pepala lalembedwa lent pomwe amafuna rent. Polankhula anthu atha kukukhululukira poti akuona nkhope yako ndipo atha kufunsanso, koma polemba yang'anani chilembo choyambacho kawiri. Chimodzimodzi lend ndi land, ambiri kuno timawatchula mofanana, nde ena amalemba "he landed me money", zomwe sizikutanthauza kubwereketsa. Ndipo Lent wa chilembo chachikulu, nyengo ija ya masiku 40 Pasaka asanafike, ndi liwu lina losakhudzana ndi ngongole.

Kusiyana kwa borrow ndi rent kapena hire ndi kwa malipiro. Chinthu ukabwereka kwa mnzako sulipira, umangobweza chomwecho. Ukalipira kuti uchigwiritse ntchito ndiye kuti wachita hire kapena rent. Matenti ndi mipando ya paukwati timachita hire, kombi yopita kumaliro ku Mbudzi kapena ku Zororo timachita hire, nyumba timachita rent. Ndalama zokha ndi zomwe zimakhalabe borrow ndi lend olo pakhale chiwongola dzanja, banki imachita lend, iwe umachita borrow, ngakhale wa katapila uja amene kuno amati chimbadzo nayenso pa Chingerezi ndi moneylender.

Pa mafomu a kubanki ndi a timabungwe tokongoza ndalama tomwe tadzaza mtauni umu mudzaona mawu awiri, borrower ndi lender. Borrower ndi wokongola, ndiwe ukasayina kuti ulandire. Lender ndi wokongoza. Chonde abale anga, makamaka mukamawathandiza makolo athu okalamba amene anabwera nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland pakati pa 1953 ndi 1963 ndipo sukulu sanapite nayo patali, muziwawerengera bwinobwino kuti dzina lawo lalembedwa pa mzere uti. Palinso mzere wina wa guarantor kapena surety, ameneyo ndi munthu amene akulonjeza kuti wokongola akalephera adzalipira ndi iye, nde osasayina pamenepo poganiza kuti ukungochitira umboni. Umboni ndi witness.

Loan ndi dzina la chinthucho, ngongole imene wapatsidwa. Timati apply for a loan, take out a loan, pay back a loan. Anthu a ku America amaligwiritsanso ntchito ngati mneni, "loan me ten dollars", ndipo pamenepo likuyenda njira ya lend, osati ya borrow. Nde "I loaned money from the bank" ndi yopotoka chimodzimodzi, yolondola ndi "I borrowed money from the bank" kapena "I got a loan from the bank". Ine ana anga ndimawauza kuti pa mayeso a ZIMSEC, bungwe la mayeso la kuno, asiye loan akhale dzina, mneni agwiritse lend, poti Chingerezi cha masukulu athu kuno chimatsata cha ku Britain ndipo palibe chifukwa choikira malikisi pachiswe.

Liwu lachitatu lomwe limamaliza banjali ndi owe, kukhala ndi ngongole. Limathandiza kwambiri chifukwa silisiya mpata wokangana. "You owe me 60 dollars" ndiye kuti uli ndi ngongole yanga. "I owe you 60 dollars" ndiye kuti ndili ndi ngongole yako. Nalonso anthu amalitembenuza, ndamvapo amayi ena a mu mukando, chipereganyu chathu chija, akunena kuti "I am owing her" pomwe akutanthauza kuti mnzawoyo ndi amene sanabweze. Lamulo ndi lomwe lija, amene waima kutsogolo kwa owe ndi amene ali ndi ngongole. Nde mukakayika pakati pa borrow ndi lend ndipo nkhani ndi yofunika, onjezerani chiganizo cha owe kuti olo mwaphonya kwina apa pakugwireni. Pobweza, ndalama timati pay back, katundu timati give back kapena return. "Return back" ndi kubwereza, return payekha wakwana.

China chomwe chimavuta ndi chiganizo chotembenuza, chija timati ndabwerekedwa kapena ndakongozedwa. Anthu amalemba "I was borrowed some money by my aunt". Ayi, azakhali anakukongoza, nde ndi "I was lent some money by my aunt", koma kunena zoona chiganizo chimenechi ndi cholemera mkamwa olo kwa eni ake, bola kungoti "My aunt lent me some money" basi. Borrowed wotembenuza amakhala pa chinthu, "The book was borrowed last week", bukulo ndi lomwe linabwerekedwa. Mukapita ku Harare City Library pa Rotten Row muja mudzaona zomwezi, inu owerenga ndi ma borrowers, layibulale ndi imene imachita lend mabuku.

Ndipo ana asukulu inu borrow mumamudziwa kale kuchokera ku masamu a ku pulayimale. Pochotsera, 52 kuchotsa 7, 2 sangachotse 7 nde timati borrow 1 from the tens. Amene akusowa ndi amene amachita borrow, ndipo amachita from kwa neba wake amene ali nazo. Simunamvepo mphunzitsi akuti 5 borrows 2 a ten. Chithunzi chimenechi chisungeni, wosowa borrow, wokhala nazo lend.

Pali zinthu zina zomwe ife timati kubwereka koma Chingerezi chimakonda use. Chinthu chomwe suchoka nacho pamalopo, monga chimbudzi, bafa, kapena sitovu ya aneba magetsi akazima kwanu, umati "May I use your toilet", "Can I use your stove". Foni ili pakatikati, ukafuna kungoimba pomwepo use ndi yabwino, borrow nayonso imamveka. Mchere ndi shuga ndi zodabwitsa pang'ono poti subweza mchere womwewo, komabe Angerezi amati borrow some sugar ngati mmene ife timachitira pakati pa aneba, podziwa kuti tsiku lina nawenso udzapatsa. Koma ngati mumtima mukudziwa kuti simudzabweza, kaya ndi ya kombi kaya ndi ya airtime, musanene borrow, nenani "Can you help me with a dollar" kapena "Can I have". Pa Chingerezi borrow ndi lonjezo lobweza, ndipo munthu amene sanakulire nafe adzadikira dola yakeyo.

Za ulemu. Ife popempha kwa akulu timati tandibwerekeniko, ka "ko" ndi ka "ni" kaja ndi komwe kamanyamula ulemu wonse. Chingerezi chilibe timaphatikizo timeneto nde ulemu umakhala mu mawu oyambira. "Lend me your pen" ndi ya kwa mnzako wa pa desiki. Kwa abwana, kwa aphunzitsi, kwa apongozi, nenani "Could you please lend me" kapena "May I borrow". Kalata yopempha ngongole kuntchito itha kuyamba kuti "I would like to borrow 100 dollars, which I will pay back at the end of June", kapena "I am kindly asking the company to lend me 100 dollars". Onani mmene liwu lasinthira pomwe mwininkhani wasintha, pa choyamba wochita ndi I, pa chachiwiri amene akupemphedwa kuchita ndi kampani. Palinso kanenedwe kena koti lend a hand, kutanthauza kuthandiza ntchito, "Can you lend me a hand with these bags", apo palibe chobweza, ndi thandizo chabe, ndipo borrow salowapo.

Ndikudziwa wina anena kuti koma amalume pa marenki monga pa Copacabana, pa Market Square, pa Mbare Musika aliyense amati borrow me ndipo timamvana. Zoona, ndipo si kuno kokha, ku Blantyre, ku Lusaka, ku Johannesburg mudzaimva. Ku South Africa zimathandizidwanso ndi Afrikaans yomwe ili ndi liwu limodzi, leen, la mbali zonse ziwiri ngati kubwereka kwathu. Ine sindiyenda mumsewu kukonza anthu pakamwa, ndipo sindifuna mwana aliyense amene ndimamuphunzitsa akaseke amayi ake kunyumba chifukwa anena borrow me, zimenezo ndimadana nazo kwambiri. Chichewa chathu sichoperewera, chinalembedwa mu malamulo aakulu a dziko lino a 2013 pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo mmene chimagwiritsira kubwereka ndi nzeru yakeyake. Chimene ndikunena ndi chakuti pali malo ena pomwe womvera si mnzako wa pa renki. Wochonga mayeso a O Level sakudziwa, amangoona pepala, ndipo tonse tikudziwa kuti popanda C ya English Language makomo ambiri a makoleji ndi ntchito amatsekeka. Afidaviti imene ukulemba kuti ukadinditse kwa Commissioner of Oaths idzawerengedwa mmene yalembedwera. Meseji ya pa WhatsApp imakhala mufoni ya munthu zaka, ndipo tsiku la mkangano imawerengedwa liwu ndi liwu.

Ndipo ife a kuno nkhani za ngongole sizitithera. Wina akufuna ya basi yodzera pa Nyamapanda ndi Tete kukaika maliro ku Ntcheu kapena ku Mangochi, wina akufuna yotumiza pa Mukuru kwa agogo kumudzi, wina fizi yatsala pang'ono. Timakongozana tokhatokha, ndiponso ndi anzathu a mitundu ina amene timalemberana nawo Chingerezi. Nde mukamalemba kapepala ka ngongole, olo ka pa kope la sukulu, kalembeni motere. Wokongola alembe yekha ndi dzanja lake, "I borrowed 60 US dollars from" kenako dzina la mwini ndalama, tsiku, kenako "I will pay it back by" ndi tsiku lobweza, asayine. Ngati mukulemba ndinu mwini ndalama, "I lent" kenako dzina lake, kuchuluka kwake, tsiku. Mulembenso kuti ndi ndalama yanji, madola a ku America kapena ZiG imene inayamba mu April 2024, poti kungolemba nambala yokha kuno ndi kuitana mkangano wina.

Yesani izi panokha musanaone mayankho. Mukufuna kuuza mnzanu kuti achemwali anu anakukongozani ya lendi. Mukufuna kupempha aneba makwerero. Mukufuna kudandaula kuti simudzamubwerekanso mnyamata uja njinga yanu. Mukufuna kufunsa mwana kuti buku ili walitenga kwa ndani. Choyamba wochita ndi achemwali ndipo akukongoza, "My sister lent me money for rent", apa lent ndi rent akumana mu chiganizo chimodzi nde samalani zilembo. Chachiwiri muli ndi njira ziwiri, "May I borrow your ladder" kapena "Could you lend me your ladder". Chachitatu wochita ndinu ndipo njinga ikuchoka kwa inu, "I will never lend that boy my bicycle again". Chachinayi wochita ndi mwana ndipo buku labwera kwa iye, "Who did you borrow this book from", kapena mutembenuze wochita akhale mwini buku, "Who lent you this book". Ngati mwaphonya chimodzi bwererani pa funso lija, waima kutsogolo ndani, akukongola kapena akukongoza. Kwa sabata imodzi yesani kuti chilichonse chomwe mwabwereka kapena kubwereketsa pakhomo muchinene mumtima pa Chingerezi mbali zonse ziwiri, I borrowed the broom from her, she lent me the broom, mpaka pakamwa pazolowere.

Za mphwanga uja, chinamupulumutsa ndi chakuti madola 40 mwa 60 aja anatumiza pa EcoCash, nde meseji yotsimikiza inali ikadali mufoni kuonetsa kuti ndalama inachoka kwa iye kupita kwa mnzakeyo, abwana ataona anamuuza munthu uja kuti abweze. Madola 20 omwe anapereka pamanja sanabwerenso, munthu uja anakana ndipo panalibe chogwira. Usiku womwe anabwera kunyumba kwanga uja tinakhala pa tebulo nkulembanso meseji ija mmene inayenera kukhalira, ndipo ndinamuuza aisunge mufoni kuti tsiku lina akadzakongozanso munthu angosintha nambala ndi mwezi: "My friend, remember the 60 US dollars I lent you in March. You still owe me the full amount. Please pay it back by month end."